Agulugufe "openga" m'nkhalango ya masuku, njira ya ku Chadiza

Dandaulo

Chapakati pa Disembala, gulu lina la alimi a njuchi kum'mwera kwa Chipata, njira yopita ku Chadiza, linatumiza uthenga woti agulugufe a m'nkhalango yawo apenga. Ena akuuluka modzandira, kugwa pansi, kudzuka, kugweranso, mpaka ana kumangowatola ndi manja. Ena pamwamba pa phiri akuzungulirana awiriawiri, kukwera mumlengalenga mpaka kusowa m'maso. Ming'oma ya gululi ili m'nkhalango yomweyo, ndipo sabata imeneyo eni minda ya m'munsi anali atayamba kupopera chimanga chifukwa cha ntchemberezandonda. Anthu anali atagamula kale: mankhwala alowa m'nkhalango, agulugufe ndiwo ayamba, njuchi zikutsatira. A tcheyamani ankafuna kalata yanga yoti apite nayo kwa amfumu kuti eni minda akayankhe pabwalo.

Ntchito yanga ndi ulangizi wa njuchi ndi wa nkhalango. Ndalemba lipotili motalikirapo chifukwa alangizi anzanga adzakumana ndi dandaulo lotere chaka chilichonse masuku akamagwa, ndipo kalata yolembedwa mofulumira ikhoza kudanitsa anthu omwera chitsime chimodzi.

Mantha a gululi anali ndi pogwira. Ntchemberezandonda ija, mbozi yachilendo yotchedwa Spodoptera frugiperda, inachokera ku America, inaoneka koyamba mu Africa kumayambiriro kwa 2016 kumadzulo kwa kontinenti, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chomwecho inali m'minda ya Zambia. Kuyambira pamenepo mlimi wamng'ono amene kale sankapopera chimanga anayamba kusenza mpope kumsana. Mankhwala omwe amapezeka kwambiri m'masitolo a zaulimi, monga lambda-cyhalothrin, cypermethrin ndi emamectin benzoate, onse amapha njuchi. Awiri oyambawo amasokoneza mitsempha ya kachilombo, kenaka kamanjenjemera, kuphiriphitha ndi kulephera kuuluka. Munthu woona gulugufe akugwa pansi sabata yopopera sanalakwe kukayikira.

Malo ake ndi ming'oma

Nkhalangoyi ndi ya miombo: mombo, mchenga, msolo, mlombwa apa ndi apo, ndipo m'chiuno mwa phiri, pamene nthaka ili yamiyala, misuku yathithikana. Eni mudzi amaisamala okha, ndipo akuyendetsa mapepala kuti ilembedwe ngati nkhalango ya anthu a m'mudzi motsatira lamulo la nkhalango la 2015. Phirilo si lalitali. Pamwamba pake pali mwala wathyathyathya ndi mitengo ingapo yotalikirana. Minda ili kumadzulo, kutsidya kwa kamtsinje komwe ng'ombe zimamwera. Masiku onse omwe ndinayendera malowa mphepo inkachokera kum'mawa, ndiye kuti kuchoka kuphiri kupita kuminda, osati kubweretsa utsi wa mankhwala m'nkhalango.

Ndinayambira ku ming'oma, poti ndiyo inali pamtima pa anthu. Njuchi zodya mankhwala sizibisika. Pakhomo pa mng'oma pamagwa mulu wa zakufa, zambiri malilime ali panja, zina zikukwawa mozungulira, zonjenjemera, ndipo zolondera pakhomo zimakana zinzawo zobwera ndi fungo lachilendo. Kuno kunalibe zimenezo. Njuchi zinkalowa ndi kutuluka mwa masiku onse, zina zitanyamula mungu m'miyendo. Pansi pa ming'oma panali zakufa zowerengeka zomwe mng'oma uliwonse umataya. A tcheyamani sanakhutire.

"A mlangizi, njuchi n'zolimba. Gulugufe ndiye wofewa, ndiye wayamba kuonetsa."

"Tiyeni tikamuone gulugufeyo, atate, tione kuti ndi uti."

Funso limenelo, lakuti ndi uti, ndilo linamasula nkhani yonse. Zambia ili ndi mitundu ya agulugufe yopitirira 800, ndipo kudya kwawo, nthawi yawo youluka ndi kaulukidwe kawo n'kosiyana kutalitali. Dandaulo linkangoti "agulugufe".

Pansi pa misuku

Odzandirawo tinawapeza dzuwa litakwera, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka masana, ndipo tinkawapeza pamalo amodzi okha: pansi pa misuku yobereka. Msuku uli ndi mtengo wamwamuna ndi wamkazi, ndipo wobereka ndi wamkazi yekha. Pansi pa yaimuna, ngakhale yoyandikana ndi inzake, panali zii. Pansi pa yaikazi masuku anali mbwee, ena ataphulika pogwa, ena ataboola anyani ndi mbalame, fungo lake lowawasa likumveka patali. Chipatso chikaphulika m'nyengo yotentha ndi yachinyezi, yisiti wa m'chilengedwe amalowa, n'kusandutsa shuga kukhala mowa.

Ochuluka pamenepo anali a mtundu wa Charaxes. Awa ndi agulugufe akuluakulu, a chifuwa chonenepa, ambiri okhala ndi timichira tiwiri pa phiko lililonse lakumbuyo. Ndinazindikira Charaxes saturnus, wofiirira wokhala ndi mzere wachikasu chakupsa wodutsa mapiko onse, Charaxes bohemani, wabuluu chapafupi ndi thupi koma wakuda m'mphepete, ndi Charaxes guderiana, yemwe wamwamuna ndi wakuda wa madontho oyera pamene wamkazi amafanana ndi saturnus. Onsewa mbozi zawo zimadya masamba a mitengo ya m'miombo. Panalinso Hamanumida daedalus, uja wotuwa wa mawanga a nkhanga amene amauluka chapansipansi m'njira n'kutera mapiko atayala, ndi timagulugufe tofiirira ta Bicyclus tokhala ndi timaso pamapiko. Chakumadzulo kunkabwera Melanitis leda, amene masana amabisala m'masamba ouma.

Mitundu yonseyi ili ndi khalidwe limodzi: sikonda maluwa. Chakudya chawo ndi zipatso zoola, utomoni wotuluka pa mtengo wovulala, ndipo kwa Charaxes aamuna, ngakhale ndowe za fisi kapena za galu. Tsiku wamba Charaxes sungamugwire. Amauluka ngati waponyedwa, ndipo ukangoyandikira amakhala atapita kale. Koma amene wakhala pa suku lowira kwa nthawi, mlomo wake wautali uli m'kati, amaiwala zonse. Ndinkatha kumukhudza phiko osasuntha. Akadzidzimuka ankanyamuka mokhota, kugunda tsinde, kutera chagada, kudzuka, kuyenda pansi pang'ono, kenaka kubwerera ku suku lomwelo. Pa chipatso chimodzi pakakumana awiri kapena atatu, ankakankhana ndi mapiko. Mphepete yakutsogolo ya phiko la Charaxes ili ndi timano tating'ono, ndipo ukaisisita ndi chala umatimva. Mapiko ong'ambika omwe anthu ankati awotchedwa ndi mankhwala ambiri anali a nkhalamba zomwe zakankhana ndi kupulumuka milomo ya mbalame kwa milungu.

Kuledzera kokha sikukanakwana kutsutsa mankhwala, chifukwa zonse ziwiri zikhoza kuchitika pamodzi. Choncho ndinayang'ana amene sanadzandire. M'mphepete mwa minda, pafupi kwambiri ndi popopera kuposa misuku, agulugufe a maluwa anali bwinobwino: Papilio demodocus wa mawanga achikasu uja mbozi yake imadya masamba a mandimu, Danaus chrysippus wofiira woyenda mwaulesi, ndi oyera a Catopsilia florella. Mankhwala ouluka ndi mphepo sasankha kuti uyu amadya zipatso, uyu amadya maluwa. Akanayambira kwa oyandikira.

Danaus ndimutchule padera, chifukwa amayi ena anamuloza kuti nayenso wafooka. Ameneyo ndi mayendedwe ake. Mbozi yake imadya zomera za mkaka wowawa, poizoni wake n'kukhala m'thupi mpaka atakula, ndipo mbalame yomulawa kamodzi sibwereza. Safunika kuthamanga, amauluka pang'onopang'ono kuti mtundu wake uoneke. A mtundu wa Acraea amachitanso chimodzimodzi. Kuuluka mofooka kwa Danaus ndi umoyo, pamene kwa Charaxes ndi chizindikiro choti chilipo chachitika.

Tinagwira odzandira angapo ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, n'kuwaika m'katoni pamthunzi, kutali ndi zipatso. Pofika madzulo titatsegula, onse anatuluka ndi liwiro lawo lija, palibe anatsala pansi. Izi pazokha si umboni womaliza, poti kachilombo kolandira mankhwala ochepa a gulu la cypermethrin nthawi zina kamatsitsimuka. Chomwe chinatsimikiza ndi nyambo. Tinakanya nthochi zakupsa ndi masese pang'ono, kuzisiya padzuwa kuti ziwire, n'kukaziika kuseri kwa phiri, kum'mawa, kumene kulibe munda ngakhale umodzi. Iyi ndi njira yakale ya ofufuza agulugufe. V.G.L. van Someren, amene analemba kwambiri za Charaxes a mu Africa kuyambira 1963 mpaka 1975, dzina lake lili pa msampha wa neti womwe amaikamo nyambo yoteroyo mpaka lero. Ife tinalibe msampha, tinangoika pa chitsa. Charaxes anabwera, anamwa, ndipo anadzandira chimodzimodzi anzawo a pansi pa misuku. A tcheyamani anayang'ana kwa nthawi, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi.

Ambuya ena otola masuku, omwe ankatitsatira ndi dengu lawo, anati iwo akhala akuona zimenezi kuyambira ali mtsikana, kungoti palibe anawafunsa.

"Ambuya, nanga bwanji simunanene pamsonkhano?"

"Mwanangu, pamsonkhano pankakambidwa za mankhwala. Ine za mankhwala ndizidziwira kuti?"

Timagulugufe ta Bicyclus tija, ngakhale anthu satiyang'ana kawiri, tili ndi mbiri yochokera kufupi ndi kwathu. Mu 1988 aakazi a Bicyclus anynana pafupifupi 80 anatengedwa ku Nkhata Bay, ku Malawi, kupita ku Leiden, ku Netherlands, ndipo zidzukulu zawo zakhala zikuwetedwa m'malabotale a maiko ambiri. Kumeneko kunapezeka kuti mbozi yokulira m'nyengo yotentha ya dzinja imatulutsa gulugufe wa timaso tikulutikulu, pamene yokulira m'nyengo yozizira imatulutsa wa timaso tosaoneka bwino, wobisala m'masamba ouma. Omwe tinawaona mu Disembala anali a timaso toonekera. Wobwera mu Julayi adzaganiza kuti ndi mtundu wina.

Pamwamba pa phiri

Nkhani yachiwiri inali yosiyana kotheratu, ngakhale dandaulo linaziphatikiza. Pamwamba pa phiri panalibe wofooka. M'mawa kwambiri panalibe kanthu, chifukwa gulugufe sauluka bwino minofu ya m'chifuwa isanatenthe, ndipo amayamba waothera dzuwa. Dzuwa litalimba, Charaxes saturnus mmodzi anafika n'kutera kunsonga kwa nthambi yoonekera mbali zonse, mutu kuyang'ana kunja, mapiko otsegula pang'ono. Wina akadutsa, uyu ankanyamuka ngati mphezi. Awiriwo ankazungulirana pafupi kwambiri, akukwera, mpaka kukhala timadontho, ndipo nthawi zina mapiko ankamveka kugundana. Pakapita kamphindi mmodzi ankatsika n'kudzatera pa nthambi yomwe ija, winayo n'kulowera kutsetse.

Apa pamafunika kukhala pansi. Ambuya aja, titakumananso potsika, anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anali kunena za anyamata a gululo omwe ankafuna kuthamangitsa gulugufe aliyense ndi neti. Tinagwira mwini nthambi kamodzi kokha, ndinamuika kadontho ka inki ya maka kunsi kwa phiko, n'kumutaya. Anabwerera pa nthambi yake. Kuchokera pamenepo zinaoneka poyera kuti wotsika pambuyo pa kuzungulirana kuja, pafupifupi nthawi zonse, anali wa kadontho. M'mawa mwake anabweranso pa nthambi yomweyo.

Onse omwe tinawagwira pamwambapo anali aamuna. Kuzindikira kwake, umagwira chifuwa mofatsa mapiko atatsekedwa, n'kuyang'ana kumapeto kwa mimba: wamwamuna ali ndi tizitseko tiwiri togwirira wamkazi, wamkazi mimba yake ndi yonenepa yopanda zimenezo. Anthu ankati awiri ozungulirana aja akukwatana. Ayi. Agulugufe amakwatana atatera, atalumikizana kumapeto kwa mimba, mitu kuyang'ana kosiyana, ndipo mukawadzidzimutsa mmodzi amauluka atanyamula mnzake ali lende.

Nanga aamuna okhaokha akufunanji pamwamba pa phiri lopanda maluwa, lopanda zipatso? Akudikira akazi. Mtundu womwe uli wobalalika m'nkhalango yaikulu, mmodzi apa wina uko, kupezana n'kovuta. Ndiye aamuna amakwera kumalo okwera kuposa onse, ndipo wamkazi amene sanakwatiwe amakweranso komweko, kukwatiwa, n'kutsika kukaikira mazira, osabwereranso. Zili ngati anyamata omwe amakhalira pa chigayo tsiku lonse opanda chimanga choti agayitse, podziwa kuti aliyense adzadutsa pamenepo. Oakley Shields analemba za khalidweli mwatsatanetsatane mu 1967 atafufuza paphiri lina ku California, ndipo anaonetsa kuti aakazi ofika pamwamba ambiri amakhala osakwatiwa. N'chifukwa chake mumaona aamuna ambiri koma wamkazi mwa apo ndi apo: iye sachedwapo. Pa mwala wathyathyathya uja panalinso aamuna a Precis octavia, ofiira a m'dzinja, nawonso akulondera kachigawo kawo. M'chilimwe mtundu womwewo umatuluka wabuluu wakuda.

Za kuzungulirana kuja akatswiri sanamvane mpaka lero, ndipo mkangano wawo ndi wothandiza kwa ife oyang'ana. Mu 1978 Nick Davies anafalitsa zomwe anapeza m'nkhalango ya Wytham pafupi ndi Oxford, ku England, pa gulugufe wa kumeneko, Pararge aegeria, amene aamuna ake amalondera timabwalo ta dzuwa pansi pa mitengo. Anaona kuti mwini malo ndiye amapambana nthawi zonse. Akachotsa mwini malo, wina n'kulowapo, kenaka n'kubweza woyamba uja, watsopanoyo ndiye ankapambana. Atawapusitsa onse awiri kuti aliyense adziyese mwini, kuzungulirana kunatalika pafupifupi kakhumi. Iye anamasulira kuti pali lamulo lomwe onse amalitsata: wopeza mnzake pamalo ndiye abwerere. Ofufuza ena pambuyo pake anati mwina nkhani ndi kutentha, poti wokhala padzuwa thupi lake limakhala lofunda kuposa wochokera mumthunzi, choncho amapirira kuuluka nthawi yaitali. Mu 2016 Tsuyoshi Takeuchi wa ku Japan ndi anzake anabwera ndi ganizo lina: mwina palibe ndewu n'komwe. Wamwamuna sadziwa kuti pali chinthu chotchedwa mdani wamwamuna. Chilichonse chouluka amachiyesa mkazi, winayonso chimodzimodzi, ndiye amathamangitsana mozungulira mpaka mmodzi atatopa nazo.

Ine, pa zomwe ndinaona paphiripo, ganizo lomalizali ndimalimvera. Ndinkaponya kachidutswa ka khungwa m'mwamba pafupi ndi nthambi, ndipo wa kadontho uja ankakathamangira, kukatsata mpaka katayamba kugwa, kenaka n'kubwerera. Ankathamangira tombolombo, ankathamangira Papilio wodutsa, anathamangirako ngakhale namzeze. Niko Tinbergen anaonetsa zofanana kalekale ku Netherlands ndi agulugufe a mapepala omangirira ku ulusi. Wolondera malo amene amanyamukira khungwa la mtengo sakuoneka kuti akuwerenga mphamvu za mdani. Komabe Charaxes ali ndi timano tija, ndipo kugundana kwa mapiko ndinakumva ndi makutu anga, choncho kwa mtundu uwu sindingachotseretu ndewu. Pa ntchito yathu yankho la mkanganowu silisintha kanthu. Kuuluka kotere kumafuna mphamvu zonse za gulugufe, ndipo wodya mankhwala sangakuchite.

Kuyang'ana ngati ndi aamuna kapena aakazi si mwambo chabe. Ku Uganda, Francis Jiggins ndi anzake anafalitsa mu 2000 za Acraea encedon, mtundu womwe uliponso kuno. Kachilombo ka Wolbachia kamapha ana aamuna akadali m'mazira, ndipo kumene kafala kwambiri aamuna amasowa, moti aakazi osakwatiwa ndiwo amaunjikana pamalo okwera kudikira. Mlangizi wopeza gulu la Acraea pamwamba pa phiri agwire angapo aone. Paphiri lathuli zotere kunalibe.

Kumtsinje

Dandaulo silinatchule mtsinje. Ndinapitako chifukwa njuchi zimamwa madzi, ndipo poyendera ming'oma ndimafuna kudziwa komwe zimamwera. Pamalo pomwe ng'ombe zimaolokera panali matope, ndipo pamatopepo agulugufe anali atadzaza, mapiko ali chilili, phee: oyera a Catopsilia ndi Belenois, tachikasu tating'ono ta Eurema, ndi Papilio angapo akunjenjemeretsa mapiko uku akumwa. Anthu amadutsa pamenepo tsiku lililonse, ndipo palibe amene anaonapo chachilendo.

Khalidweli palokha ndi labwinobwino. Ambiri omwe amatera pamatope ndi aamuna, ndipo chomwe amafuna si madzi okha koma mchere wa sodium, umene masamba omwe anadya ali mbozi alibe wokwanira. Ofufuza a ku Cornell ku America anaonetsa zimenezi mu 1974 poika mchenga wothira zinthu zosiyanasiyana, agulugufe n'kusankha wa sodium. Wamwamuna amapatsira wamkazi gawo la mcherewo pokwatana. Mkodzo wa ng'ombe ndiwo umakometsa matope a pachiolokero.

Masitepe ochepa kumtunda kwa chiolokerocho panali mwala pomwe opopera ankatsukira mipope yawo madzulo. Pamenepo matope anali ndi fungo, ndipo m'udzu munali kabotolo kopanda kanthu ka lambda-cyhalothrin. Ndinagwada n'kuyang'anitsitsa. Ta Eurema takufa tinalipo, tina tili chagada miyendo ikukoka, mlomo utatambasuka osapindikanso. Panali mavu akufa, ntchentche, tombolombo mmodzi, ndi njuchi zingapo. Kusiyana kwake ndi zapansi pa misuku kunali koonekeratu. Kuja mitundu inali ya zipatso yokhayokha, kuno chilichonse chomwe chinatera. Kuja wogwa ankadzuka n'kubwerera ku chakudya, kuno wogwa ankanjenjemera pamalo pomwepo. Omwe tinawaika m'katoni kuchokera apa ambiri sanafike madzulo.

Ming'oma sinaonetse kanthu chifukwa chimodzi: m'dzinja madzi ali ponseponse, m'mphako, pamasamba, m'maenje a miyala, ndipo njuchi zobwera kumtsinje zinali zochepa. Kukanakhala kuti anthu a madimba akutsukira pamenepo mu Okutobala, pomwe kamtsinjeko ndiko madzi okha ndipo njuchi zimatunga ambiri kuti ziziziritse mng'oma, tikanapeza milu pakhomo. Mankhwala a gulu la lambda-cyhalothrin amaphanso nsomba ngakhale atachepa kwambiri, ndipo kumunsi kwa chiolokerocho amayi amachapirako.

Pabwalo

Kalata yomwe a tcheyamani ankafuna sindinalembe. M'malo mwake tinapempha amfumu kuti aitane onse, a njuchi ndi a minda, popanda woimbidwa mlandu, poti ena mwa otsukira kumtsinje anali a m'gulu la njuchi lomwelo. Ndinafotokoza zitatu zija monga ndazilembera pano, ndipo katoni ya tizilombo takufa ta kumtsinje inayenda m'manja.

Bambo wina anafunsa funso lomwe ndimalimva kawirikawiri. "A mlangizi, agulugufe amenewa si ndiwo amaikira mbozi m'chimanga? Bwanji osangopopera m'mphepete mwa nkhalango kuti athe?"

"Ayi, atate. Mayi wa ntchemberezandonda ndi njenjete yotuwa, imauluka usiku, masana simungaione pamaluwa. Awa a masuku ana awo amadya masamba a mombo ndi mitengo ina. Mukapopera m'nkhalango mupha njuchi ndi mavu omwe amakudyerani mbozi, koma njenjeteyo ibwerabe."

Ndinawonjeza kuti Melanitis ndi Bicyclus ndiwo mbozi zawo zimadya maudzu, ya Melanitis nthawi zina mpunga, koma sindiwo akuboola chimanga chawo.

Zomwe anagwirizana, amfumu n'kuzitsindika, n'zakuti mpope uzitsukidwira m'munda momwe wagwira ntchito, kutali ndi madzi, ndipo madzi otsukirawo azipoperedwa pa chimanga chomwecho. Botolo lizitsukuluzidwa katatu, madzi ake kuthira mu mpope, kenaka kulibowola kuti mwana asadzatungire madzi. Kupopera kuzichitika madzulo njuchi zitalowa, mphepo itagwa, kulozetsa m'kati mwa nsonga ya chimanga momwe mbozi imabisala, osati kumwaza m'mwamba. Wofuna kupopera aziuza a njuchi dzulo lake. Pa minda ing'onoing'ono tinakumbutsana za kuyendera mmera kawirikawiri, kuphwanya mazira ndi manja ndi kuthira dothi kapena phulusa m'nsonga, zomwe zimachepetsa kupopera. Matope a pamwala paja anyamata anawakumba n'kukawakwirira pamalo ouma, kutali ndi mtsinje.

Mfundo imodzi inavuta. Chimanga chikamasula ngayaye njuchi zimapitako kukatenga mungu, ndipo ndinapempha kuti nthawi imeneyo kusapoperedwe konse. Ena anavomera, ena anati mbozi ikalowa m'chisononkho sangangoyang'ana. Amfumu anati nkhaniyo idzakambidwenso chimanga chikayandikira kumasula.

Zotsatira

Nditabwereranso chakumapeto kwa Januwale masuku anali atatha, ndipo odzandira aja kunalibe, ngakhale kupopera kunali kukupitirira m'minda. Pamwamba pa phiri kuzungulirana kunalipobe. Wa kadontho sindinamupeze, nthambi yake inali ndi mwini wina wa mapiko atsopano, nthambi yomweyo ndendende. Kumtsinje matope anali odzaza agulugufe, ndipo sindinapeze akufa. Ming'oma yonse inali ndi njuchi.

A tcheyamani ndinawasiyira kope loti gulu lizilembamo likaona kuuluka kwachilendo: tsiku, nthawi, malo enieni, mtundu ndi kukula kwa gulugufe, chomwe anaterapo, komwe mphepo ikuchokera, ndiponso ngati tizilombo tina tagwa nawo. Ndinawachenjezanso kuti miyezi yomweyi ya dzinja oyera a Catopsilia ndi Belenois nthawi zina amadutsa ambirimbiri kulowera mbali imodzi, osaima, kukwera pamwamba pa nyumba ndi mitengo m'malo mozilambalala. Umenewo ndi ulendo wawo, ndipo m'kopemo angolemba komwe akuchokera ndi komwe akulowera. Msonkhano wa za ngayaye amfumu auika mu Febuluwale, ndipo ndapempha mlangizi wa mbewu wa dera limenelo kuti tidzapite limodzi.